Kodi propolis angalowe m'malo mwa mankhwala a shuga?

Funso: Amuna anga ali ndi ming'oma 12 kufupi ndi nkhalango ya Nkhotakota, ndipo akamafula uchi amapala zinthu zoderako, zomata ngati ulimbo, zomwe takhala tikungotaya. Wamalonda wina pamsika akuti zimenezi ndi propolis, ndipo zimachiza zilonda, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Apongozi anga, omwe amwa mankhwala a shuga kwa zaka 6, akufuna kusiya a kuchipatala n'kuyamba zimenezi. Ndiwalangize bwanji? (Mayi wa ku Nkhotakota)

Yankho: Mayi, chonde apongozi anuwo asasiye mankhwala awo ngakhale tsiku limodzi. Propolis sachiza shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ndipo zimandimvetsa chisoni kuti okalamba ndiwo amanamizidwa kwambiri, pomwe shuga wolekereredwa amawononga impso, maso ndi mapazi mwakachetechete.

Komabe zomwe mwakhala mukutayazo si zachabe. Njuchi zimatenga utomoni pamakungwa ndi pamasamba anthete, n'kuusakaniza ndi phula, kenako zimamatira ming'alu ya mng'oma; zomatazo ndiye propolis. Pafupifupi theka la propolis ndi utomoniwo. Mbewa ikafera mumng'oma njuchi n'kulephera kuitulutsa, zimaikuta ndi propolis kuti isaole, zomwe zikusonyeza mphamvu yake yoletsa tizilombo kuswana. N'chifukwa chake amathandiza pa timabala ting'onoting'ono, nkhama zotupa, ndi timatuza totuluka m'mphepete mwa milomo. Bala lakuya, lotuluka mafinya, kapena la paphazi la wodwala shuga ndi la kuchipatala basi.

Musanamugwiritse ntchito, pakani pang'ono mkati mwa mkono ndi kudikira maola 24. Pakafiira, pakayabwa kapena pakatupa, ndiye kuti thupi lanu lamukana, ndipo zimenezi zimachitikira ngakhale alimi a njuchi omwe amamugwira kawirikawiri. Amene amatupa kwambiri akalumidwa ndi njuchi, odwala mphumu, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa ampewe. Propolis angathenso kuchedwetsa magazi kuundana, choncho sayenera kumwedwa ndi munthu amene ali pa mankhwala oletsa magazi kuundana a warfarin, ndipo wokachitidwa opaleshoni amusiye kukadali masabata 2.

Popeza sasungunuka m'madzi, wa m'mabotolo nthawi zambiri amakhala wosungunulidwa ndi mowa waukali. Musayese kumusungunula ndi sipiliti wotsukira mabala uja, chifukwa ameneyo ndi poizoni akamwedwa. Amuna anu azimupala ndi mpeni woyera, apewe malo opakidwa penti, ndipo azimusunga m'botolo lagalasi lotseka bwino pamalo ozizira.

Pokamba ndi apongozi anu, musawatsutse pagulu. Aperekezeni tsiku lokalandira mankhwala, mutenge propolis yemwe akufuna kumwayo, ndipo adokotala awafotokozere okha atawayeza shuga.