MK inapeza mavoti ochuluka ku KwaZulu-Natal, nanga bwanji sikulamula?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mbale wathu wina amene ali ku Joni, mumzinda wa Durban, komwe amasoka zovala. Dzina lake ndalisunga. Funso lake ndalidula apa ndi apo, koma mutu wake ndi uwu: "Mwini nyumba imene ndikuchita lendi ndi wa chipani cha MK wosafunsa. Tsiku ndi tsiku amandiuza kuti iwo anapambana chisankho cha 2024 kuno ku KwaZulu-Natal koma anawabera boma. Ine ndimangovomera poopa kugona panja. Koma zoona zake n'ziti? Ngati anapambanadi, zikutheka bwanji kuti amene akulamula chigawochi ndi munthu wa IFP, chipani chomwe sichinapeze ngakhale theka la mavoti a MK? Kodi ndi zija za tipeksi zakwathu zija?"

Achimwene, pitirizani kuvomera, nyumba ndi yawo. Koma muno tili tokha, ndiye ndikuuzani mosabisa: si tipeksi. Bambo mwini nyumbawo akunena zoona kuti MK, chipani cha a Jacob Zuma, inaposa zipani zonse, ndipo inaziposa kutali. Pomwe akuphonya ndi pa mawu oti "kupambana". Kumeneko kukhala woyamba ndi kutenga boma n'zinthu ziwiri zosiyana.

Tiyambe ndi zimene munthu amavotera. Pa 29 May 2024 wovota aliyense anapatsidwa mapepala atatu, awiri okhudza nyumba ya malamulo ya dziko lonse, limodzi la nyumba ya malamulo ya chigawo chake. Pa pepala lachitatuli panalibe poti musankhe mtsogoleri wa chigawo, amene iwo amamutcha Premier. Munthu amachonga chipani kapena munthu woima payekha, basi. Chipani chilichonse chimakhala chitapereka kale mndandanda wa maina ku IEC, bungwe lawo loyendetsa chisankho, ndipo mavoti akawerengedwa mipando imagawidwa molingana ndi gawo la mavoti lomwe chipani chapeza. Kulibe zakwathu zoti uyu ndi phungu wa dera lakuti. Chipani chikapata mipando 15, anthu 15 oyamba pa mndandanda wake ndiwo amalowa m'nyumba. Kenako aphungu amenewa ndi amene amakhala pansi n'kusankha Premier pakati pawo.

Nyumba ya ku KwaZulu-Natal, yomwe imakumana ku Pietermaritzburg, ili ndi mipando 80. MK inapeza mavoti 45 pa 100 alionse ndipo inatenga mipando 37. IFP (Inkatha Freedom Party) inapeza 18 pa 100, mipando 15. ANC mipando 14, DA (Democratic Alliance) 11, EFF (Economic Freedom Fighters) 2, ndipo kachipani ka NFP (National Freedom Party) kanatola mpando umodzi. Tsono tengani pensulo. Kuti mukhale ndi aphungu oposa theka pa anthu 80 mufunika 41. MK ikaphatikiza ndi EFF, omwe anali okonzeka kuyenda nayo, ikufika pa 39. Mbali inayo, ya IFP, ANC ndi DA: 15 kuphatikiza 14 kuphatikiza 11 ndi 40. Onse awiri sanafike. Boma lonse la chigawo cha anthu oposa 12 miliyoni linatsamira pa mpando umodzi uja wa NFP.

Pano ndiime pang'ono, chifukwa mpando umenewu nkhani yake imandisangalatsa. Mavoti onse a m'chigawochi anali cha m'ma 3.5 miliyoni, kotero mpando umodzi "mtengo" wake unali mavoti pafupifupi 43,000. NFP sinafike ngakhale pa theka la mtengowo. Inapeza mavoti osakwana 20,000, pamene MK inali ndi pafupifupi 1.6 miliyoni. Nanga inaupeza bwanji? Kagawidwe kake kali ngati mmene amayi amagawira ndiwo. Poyamba chipani chilichonse chimalandira nthuli zathunthu zimene mavoti ake angagule. Zikatsala nthuli zingapo m'poto, zimapita kwa amene ali ndi mavoti otsalira ochuluka kuposa anzake, mmodzimmodzi mpaka mphika uyere. Zipani zisanu zija zitatenga zawo, nthuli yomaliza inagwera NFP chifukwa pa tizipani tonse tating'ono ndi iyo inali patsogolo. Tsiku lotsatira amene anali kapolo wa aliyense anasanduka mkamwini wofunidwa pakhomo lililonse.

NFP inasankha kupita ndi IFP, ANC ndi DA. Pa 14 June 2024 aphungu anaponya voti yachinsinsi pamaso pa jaji, ndipo a Thami Ntuli a IFP anapeza 41, a Phathisizwe Chiliza a MK 39. Udindo wa sipikala unapita ku ANC, kwa mayi Nontembeko Boyce. DA inapatsidwa unduna wa zachuma m'chigawomo kudzera mwa a Francois Rodgers. Phungu yekha uja wa NFP, mayi Mbali Shinga, anakhala nduna yoona za chisamaliro cha anthu. Palibe lamulo limene linaphwanyidwa pamenepo. Ndi momwe malamulo awo a 1996 analembedwera.

Mwina mukuti izi n'zachilendo, koma taganizani bwino, kwathu timazichita. Meya wa Blantyre kapena Lilongwe simumamuvotera inu. Amasankhidwa ndi mamembala a khonsolo, kuchokera pakati pa makhansala. Mu 2019 DPP ndi imene inali ndi aphungu ambiri ku Nyumba ya Malamulo, koma sipikala anakhala mayi Catherine Gotani Hara a MCP, chifukwa pa tsiku la voti ndiwo anasonkhanitsa manja ochuluka. Ngakhale pa mpando wa pulezidenti, chichokereni chigamulo cha khothi cha pa 3 February 2020, kukhala woyamba sikukwaniranso. A Peter Mutharika analowa m'boma mu 2014 ndi mavoti 36 pa 100 alionse; lero zoterozo sizingatheke, pamafunika 50+1. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu ikalephereka 50+1 anthu amabwereranso kukavota, pamene ku Joni 50+1 imasakidwa m'nyumba ya malamulo, ndi aphungu, pokambirana.

Komabe musawaseke bambo anuwo. Ululu wawo ndimaumvetsa. Chipani cha MK chinali chakhanda: a Jacob Zuma analengeza kuti ali kumbuyo kwake pa 16 December 2023, patangotsala miyezi isanu ndi theka kuti anthu avote. M'kanthawi kochepako chinagwetsa ANC m'chigawo chomwe inali itachilamula kuyambira 2004. Mu 2019 ANC inali ndi mipando 44 m'nyumba yomweyi. Inatsika kufika pa 14. EFF inachoka pa 8 kufika pa 2. Ndiye taganizani munthu amene anaima pamzere tsiku lonse kuti achotse ANC, n'kuichotsadi, kenako podzuka akupeza a ANC omwewo ali m'boma monga nduna, chipani chake chili ku benchi yotsutsa. Zimawawa. Ndipo ngati kuti mchere sunakwane pabalapo, a Ntuli anakhalapo meya wa ku Nkandla, kwawo kwenikweni kwa a Zuma.

Za kuberedwa mavoti, atsogoleri a MK anadandauladi zotsatira zitangotuluka, moti aphungu awo ananyanyala nkhumano yoyamba ya nyumba ya malamulo ya dziko lonse ku Cape Town. Koma palibe khothi limene linafafaniza zotsatirazo monga linachitira lathu. Ndipo ku Pietermaritzburg a MK analowa m'nyumba, analumbira, anaimika munthu wawo, n'kugonja ndi mavoti awiri. Munthu sungalowe m'bwalo, n'kusewera mpaka wezulo yomaliza, kenako n'kumati mpira sunachitike.

Maganizo anga ndi akuti MK inadzitchera yokha msampha. Chipani chokhala ndi mipando 37 chimangofuna anzake anayi. Koma chinali chitanenetsa kuti sichingagwire ntchito ndi ANC bola a Cyril Ramaphosa ali pampando. DA sakanayandikirana nayo n'komwe. IFP inaona kuti ikalowa kwa MK ikakhala mwana wopeza, pamene mbali inayi ikupatsidwa mpando waukulu womwe inautaya mu 2004, itaulamula kuyambira 1994. Komanso zokambirana za ku KwaZulu-Natal zinalukana ndi za dziko lonse, kumene ANC inatsika kufika pa mipando 159 mwa 400 ndipo inafunikira DA ndi IFP kuti a Ramaphosa asankhidwenso, zomwe zinachitika tsiku lomwelo la 14 June. Amene akudziwa mbiri ya chigawochi anadabwa kuona IFP ndi ANC pa mphasa imodzi, poti otsatira zipani ziwirizi anaphana mwa zikwizikwi kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1990. NFP nayo inatuluka mu IFP mu 2011 atayambana. Chimene chinawasonkhanitsa n'kuopa MK.

Si ku KwaZulu-Natal kokha kunasowa wa theka. Ku Gauteng ANC inapeza mipando 28 yokha mwa 80, koma a Panyaza Lesufi anakhalabe Premier chifukwa zipani zina zinawalola. Kumeneko woyamba ndiye analamula, ku Durban kwanuko woyamba anatsala panja, lamulo lake limodzimodzi.

Kodi zikhala choncho mpaka 2029? Palibe chikutsimikizira. Boma la 41 kwa 39 lili ngati mpando wa miyendo itatu. Malamulo amalola aphungu kubweretsa voti yosonyeza kuti alibenso chikhulupiriro mwa Premier, ndipo ikavomerezedwa ndi aphungu 41, iye ndi nduna zake zonse amatula pansi udindo, nyumba n'kusankha wina popanda anthu kubwerera kukavota. Phungu mmodzi akavota ndi mbali inayo zimakhala 40 kwa 40, zomwe sizikwanira kugwetsa boma koma zimakwanira kuti bajeti ivute kudutsa. Awiri akatero, bambo anuwo adzaphika thobwa. Ndiye mukamamva pa wailesi kuti NFP yakwiya kapena ANC ikung'ung'udza, dziwani kuti si phokoso chabe.

Kumapeto kwa imelo yanu munafunsanso ngati kusintha kwa Premier kungakhudze mapepala anu. Ayi. Boma la chigawo limayendetsa masukulu, zipatala ndi makiliniki a boma, misewu ya m'chigawo, nyumba ndi chisamaliro cha anthu ovutika. Mwana wanu akadwala, mzere umene mukaime ndi mankhwala amene mukapeze kapena kusapeza, zimenezo ndi za Pietermaritzburg. Koma pasipoti, pemiti ndi zonse za olowa ndi otuluka zili m'manja mwa Home Affairs, unduna wa boma la dziko lonse, womwe pambuyo pa chisankhochi unapatsidwa kwa a Leon Schreiber a DA. Apolisi a SAPS nawonso ndi a boma lalikulu. Madzi akasiya kutuluka pampopi kapena zinyalala zikaunjikana pamsewu, amenewo ndi a khonsolo ya eThekwini, ya mzinda wa Durban, yomwe ili ndi chisankho chakechake pa nthawi ina. Pemiti yanu ikayandikira kutha, musadikire kuona amene akhale Premier, pitani ku Home Affairs nthawi ikadalipo.