Mtsikana wa ku Ngabu, impso ndi udokotala wa bambo ake

Mtsikana wa Fomu 4 ku Ngabu wandilembera kuti pa moko anapeza mapointi 24. Amakonda Biology, makamaka za impso, koma bambo ake anena kuti akapanda kusankhidwa udokotala ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo, fizi ina kulibe. Akuti tulo sakuliona. Makalata otere amandipeza chaka chilichonse MSCE ikayandikira.

Mwanawe, ndisakunamize, ndi mapointi 24 udokotala sufikako. Olimbirana malowo ndi a mapointi ochepa zedi.

Chandigwira mtima ndi funso lomwe wayika pansi pa kalata: bwanji kashiamu, wolimbitsa mafupa uja, sathera mu mkodzo? Impso zimasefa madzi pafupifupi malita 180 patsiku, kashiamu ali momwemo, koma 98 pa 100 amabwezedwa m'magazi. Wambiri amabwerera koyambirira kwa timachubu tosefera ta mu impso totchedwa nephron, potsatira madzi ndi mchere. Chigamulo chili kumapeto kwa timachubuto, mu distal tubule. Kashiamu akachepa m'magazi, tiziwalo tinayi ta parathyroid ta pakhosi timatulutsa homoni yotchedwa PTH, maselo n'kuyamba kukoka wotsalayo kudzera m'timakomo ta TRPV5. Impso zomwezo zimasandutsa vitamini D kukhala calcitriol, ndipo matumbo amadalira imeneyo kuti ayamwe kashiamu wa m'matemba.

Mwana wofunsa chonchi malo ake ndi labotale. Dokotala saona creatinine (zinyalala za m'magazi zoonetsa momwe impso zikugwirira ntchito) kapena kashiamu ndi maso, amadikira zotsatira za woyeza magazi. Diploma ya Biomedical Sciences ku Malawi College of Health Sciences ndi yomwe ndikukulozera. Kuno ku Chigwa cha Shire, odula nzimbe ndi alimi a thonje amatuluka thukuta tsiku lonse, madzi akumwa pang'ono, impso n'kumavulala mwakachetechete. Kozitulukira mochedwa, munthu amathera pa makina otsuka magazi a dialysis ku Queens, ku Blantyre. Woyeza waluso ku Chikwawa kapena ku Nsanje angalione vutolo msanga.

Inu bambo, zimandinyansa kuona kholo likuopseza mwana ndi fizi pofuna dzina loti "bambo wa dokotala". Mwagulitsa mbuzi zingati kuti afike Fomu 4? Lero mumutaye chifukwa cha dzina?

Koma iwenso usabisale m'Biology. Za Chemistry ndi Masamu sunanenepo kanthu, ndipo ndikudziwa chifukwa chake. Popanda makirediti pa ziwirizo, ngakhale labotale sudzaiponda. Nzeru ulinazo ndithu. Yamba ndi mapepala akale a Chemistry sabata ino.