Magnesium iodide ndi nitric acid: nchifukwa chiyani yankho la HI analithetha?

Imelo iyi yachokera kwa mnyamata wina amene akuphunzira chemistry chaka choyamba. Akuti pa mayeso anawafunsa zimene zimachitika magnesium iodide akakumana ndi nitric acid, iye analemba MgI2 + 2HNO3 → Mg(NO3)2 + 2HI ndipo aphunzitsi anathetha. Nde akufunsa kuti cholakwika nchani poti equation ili balansi bwinobwino, komanso ngati asidiyu amaonongadi iodide, nanga bwanji pa test ya silver nitrate yofufuzira iodide amathira nitric acid yemweyo mu iodide koma osaona vuto?

Achimwene, funso lachiwirili ndi limene landisangalatsa kwambiri koma tiyambe ndi loyamba.

Equation yanu ija ikunena kuti ma ion angosinthana malo basi. Vuto ndi loti HI (hydroiodic acid) ndi asidi wamphamvu, m'madzi amagawikiratu kukhala H+ ndi I-, magnesium nitrate nayenso amasungunuka yense, ndiye mukailemba ngati ma ion muona kuti kumanzere ndi kumanja kuli zinthu zomwezomwezo, palibe chachitika. Chimene munaphonya nchoti nitric acid sangopereka H+ yekha ayi, nitrate akakhala mu asidi amalanda ma electron, ndipo iodide ndi wosavuta kumulanda kuposa bromide ndi chloride. Ndiye iodide amachoka pa oxidation number ya -1 kufika pa 0 nkusanduka iodine, I2, pomwe nitrogen amatsika kuchoka pa +5. Magnesium amangoonerera, walowa ali Mg2+ watulukanso ali Mg2+, potential yake (nambala yosonyeza mphamvu yolandira ma electron) ndi -2.37 V, palibe chomusuntha mmenemu. Mukanaika potassium iodide nkhani ikanakhala yomweyi.

Asidi akakhala wothira madzi nitrogen amafika pa +2:

3MgI2 + 8HNO3 → 3Mg(NO3)2 + 3I2 + 2NO + 4H2O

Akakhala concentrated amathera pa +4:

MgI2 + 4HNO3 → Mg(NO3)2 + I2 + 2NO2 + 2H2O

Taonetsetsani yoyambayo. Pa ma HNO3 8 aja awiri okha ndi amene alandira ma electron, 6 enawo nitrate wawo sanasinthe, angopereka H+ nkutsala ndi magnesium. Ana asukulu ambiri amasokonezeka pomwepa pobalansa chifukwa amaganiza kuti asidi yense akugwira ntchito imodzi.

Mu test tube zimaoneka chonchi: madzi oyera aja amayamba chikasu, kenako bulauni chifukwa I2 akugwirana ndi iodide wotsala kupanga I3-, iodide akachepa mumaona tizidutswa takuda totuwirako tikukhala pansi. Gasi wa NO (nitrogen monoxide) alibe mtundu koma akangofika pakamwa pa tube nkukumana ndi oxygen amasanduka NO2, utsi wabulauni uja. Mukatapa pang'ono nkudonthezamo madzi a starch amachita buluu wakuda, monga mmene tsamba limachitira pa practical ya biology ku sekondale.

Tsopano manambala, chifukwa apa mpamene thermodynamics imalankhula. Standard potential ya I2 kupita ku I- ndi +0.54 V, ya nitrate kupita ku NO mu asidi ndi +0.96 V. Kusiyana kwake ndi 0.42 V, ma electron osuntha ndi 6, Faraday constant ndi 96,485, ndiye ΔG = -nFE ikutipatsa pafupifupi -243 kJ pa equation yoyamba ija yonse (ΔG ikakhala negative reaction imaloledwa kuchitika). Nambala yotsika chonchi ikutanthauza kuti reaction ikufuna kupita kutsogolo mpakana pafupifupi iodide yense atatha. Ya NO2 potential yake ndi +0.80 V, kusiyana 0.26 V, ma electron 2, mupeza pafupifupi -50 kJ. Yesaninso ndi chloride amene ali pa +1.36 V kapena bromide pa +1.07 V, muona kuti nambala ikutuluka yosalola pa standard conditions, nchifukwa chake magnesium chloride mu nitric acid wothira madzi amangokhala phee.

Pali chinthu china chimene ndimafuna aphunzitsi azichinena momveka. Anthu ambiri akaona gasi akutuluka amathamangira kunena kuti entropy (ΔS, kumwazikana kwa zinthu) ndi imene ikukankha reaction. Apa ayi. Mukawerengera ΔH, kutentha kumene reaction ikutulutsa kapena kutenga, pogwiritsa ntchito ma enthalpy of formation mupeza pafupifupi -220 kJ, kutanthauza kuti, poti ΔG = ΔH - TΔS, pa -243 paja gawo la TΔS ndi ka 20 ndi kena basi. Mphamvu yambiri ikuchokera ku madzi anayi amene akupangidwa, lililonse ΔH yake ndi -286 kJ pa mole, pamene NO mwini wake ndi wodula kupanga, pafupifupi +90 kJ. Ndiye popanda H+ woti atenge oxygen wa nitrate nkupanga madzi, nitrate alibe mphamvu konse.

Nernst equation ikunena zomwezi. Half reaction ndi NO3- + 4H+ + 3e- → NO + 2H2O, ndiye pH ikakwera ndi 1 potential imatsika ndi 0.079 V. Pofika pH 5 ndi kena yafanana kale ndi ya iodine, pa pH 7 yatsala pafupifupi 0.41 V, pansi pa 0.54. Nchifukwa chake mutha kusakaniza potassium nitrate ndi potassium iodide m'madzi wamba osaona kanthu.

Nanga test ya silver nitrate ija? Pamenepo asidi alipo, ΔG ikulola, koma madzi sasanduka bulauni. Yankho ndi liwiro. Thermodynamics imangonena kumene zinthu zikathere, sinena kuti zifika liti, nkhuni zouma zimatha chaka zili pakhonde mu mpweya wa oxygen osayaka mpaka wina abwere ndi machesi. Nitrate mu asidi wozizira wothira madzi ambiri amachedwa zedi kulanda ma electron, ndiye inu mwathira madontho ochepa kuti muchotse carbonate, pompopompo mwathira silver nitrate, silver iodide (AgI) wachikasu wagwa kale pansi iodide asanakhudzidwe. Machesi ake pano ndi nitrous acid, HNO2, amene amalimbana ndi iodide mwachangu kwambiri, ndipo NO wotuluka mu reaction amapanganso HNO2 wina, ndiye ikangoyamba imadzithamangitsa yokha. Botolo la nitric acid lakale limene lachita chikasu chifukwa cha kuwala lili kale ndi ma oxide a nitrogen mkati, limatha kukusokonezerani test imeneyi.

Kufooka kwa iodide kumeneku si kwa mu labu mokha. Magnesium iodide yemweyo mukamusiya pa mpweya amayamwa chinyezi nkuchita bulauni chifukwa oxygen akutulutsa iodine, ndipo nchifukwa chomwechi mchere wa ayodini m'mayiko otentha ngati kwathu kuno nthawi zambiri amauthira potassium iodate osati iodide, iodate sathawa msanga mchere ukakhala pamsika.

Chomaliza pa ma equation, asidi akakhala concentrated wotentha komanso wochuluka iodine sathera pa I2, amakwera mpaka +5:

I2 + 10HNO3 → 2HIO3 + 10NO2 + 4H2O

Pa tebulo la standard potential izi zimaoneka ngati zosatheka poti iodate wa mu HIO3 ali pa +1.20 V, pamwamba pa +0.80 V ya nitrate, koma tebulolo ndi la 1 mol pa lita pa 25 °C, pomwe asidi wa m'botolo wa 68% ali pafupifupi 15 mol pa lita, ndiye manambala aja sagwiranso ntchito mmene alili. Pa mayeso muziyamba mwalemba kuti mukunena asidi wa dilute kapena concentrated kenako equation yake. Ndipo chonde mukafuna kuziona ndi maso zichitikire mu fume cupboard aphunzitsi ali pomwepo, NO2 amaononga mapapo ndipo nthawi zina munthu amayamba kubanika patapita maola angapo atapuma utsiwo.