Kwa mlongo wa ku Moatize amene bambo ake akumwa madzi mobisa

Mlongo wanga, funso lanu ndinaliona usiku, koma ndinati kuche kaye kuti ndiyankhe mtima uli m'malo. Mwati bambo anayamba dialysis, kutsukidwa magazi ndi makina poti impso zinatopa, mwezi wathawu, anesi anawauza mlingo wa madzi oti asamapitirire patsiku, ndipo ndi dzuwa la ku Moatize lino mwawapeza kawiri akumwa mobisa kumtsuko. Mukufunsa ngati mubise madziwo kapena mungowasiya. Ine ndili pa makinawo chaka chachitatu tsopano, ndiye za kuba madzi m'nyumba mwako momwe ndikuzidziwa. Tsiku lina ndinamwa a m'beseni losamba m'manja, mayi a kunyumba atangotembenuka kukatenga ndiwo. Ine, bambo wamkulu, wa zidzukulu. Choncho musawaone ngati osamva.

Mtsuko musabise. Munthu wamkulu mukamubisira madzi mumangomuphunzitsa kuba mochenjera, ndipo m'nyumba mumalowa chidani chopanda pake. Pitani mukayang'ane mumphika wa ndiwo, chifukwa ludzu la bambo likuchokera mmenemo.

Impso zikakhala zabwino, mchere wopitirira umatuluka ndi mkodzo. Zathuzi zinatopa, ndiye mchere ukalowa umangokhala m'magazi kudikira makina. Thupi silimalola kuti magazi akhale owawa mchere, ndiye limaitanitsa madzi oti ausungunule, ndipo silisiya kuitana mpaka litapatsidwa. Magalamu 8 a mchere amaitana pafupifupi lita imodzi ya madzi. Supuni yaing'ono ya tiyi, yosalaza pamwamba, ndi magalamu 5 kapena kuposerako pang'ono, ndipo umenewo ndiye mchere wa tsiku lonse wa munthu ngati bambo, kuwerengera ndi umene uli kale mu buledi ndi m'zakudya zogula. Ludzu lobwera ndi mchere silimva kupirira. Mungawalalikire bwanji, akadya zamchere masana, madzulo amwa basi.

Tsono taganizani zimene timadya kuno ku Tete. Chicoa, nsomba yathu ya ku Cahora Bassa ija, amaisunga ndi mchere weniweni, woti ukaigwira umatsala m'zala. Ngakhale muiviike usiku wonse ndi kutaya madzi kawiri, wina umatsalabe. Ine ndinalekana nayo ndi chisoni, ndipo fungo lake likamachokera kwa aneba ndimakakhala kuseri. Kapenta wouma nayenso nthawi zambiri amabwera ndi mchere wake. Kenako pali caldo, timapaketi ndi timabuloko tija timene masiku ano tikulowa mu ndiwo iliyonse, ngakhale mu nkhwani. Gawo lalikulu la kameneko ndi mchere, ndiye mayi akathira caldo n'kuthiranso mchere, ndiye kuti wathira kawiri. Onjezani sadini za m'chitini, masoseji, tchipisi cha pamsewu, ndi kanyenya wa mbuzi amene timamusunsa pa kamulu ka mchere ndi tsabola. Soda wa m'therere nayenso ndi mbale wake wa mchere, amaitana ludzu chimodzimodzi.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa pali msampha. Wina akuuzani kuti m'malo mwa soda thirani chidulo, poti n'chachilengedwe. Ayi ndithu. Chidulo ndi madzi a phulusa, ndipo phulusa ladzaza potaziyamu, mtundu wina wa mchere amene kwa munthu wa dialysis akachuluka amatha kuimitsa mtima popanda chenjezo. Chimodzimodzi mchere wa m'masitolo umene amati ndi wa anthu odwala kuthamanga kwa magazi. Mu mchere wambiri wotere anachotsamo sodiyamu, chija choitana ludzu mumchere wamba, n'kuikamo potaziyamu. Kwa anthu ena ndi wabwino, kwa ife ndi poizoni.

Kunyumba kwathu tinayamba ndi kundipatulira ndiwo asanathire mchere. Zinavuta, chifukwa kudya zozizira wekha pamene anzako akunyambita zala kumakhala ngati chilango. Kenako mayi anaganiza zochepetsa mumphika wa banja lonse, wofuna azithirira m'mbale mwake, ndipo botolo la mchere lizikhala kukhitchini osati pamphasa. Ndiwo amazikometsa ndi anyezi wokazinga bwino, adyo, ndi madontho a mandimu pomaliza. Tsabola pang'ono chabe, wambiri amaumitsa kukhosi. Masabata oyamba ndinkadandaula tsiku lililonse. Patapita mwezi ndi kanthu lilime linazolowera, moti lero ndikadya kwa anthu ndimamva ngati ndiwo yagweramo thumba la mchere.

Za kuchuluka kwa madzi, mawu omaliza ndi a anesi ndi adokotala a bambo, chifukwa zimatengera mkodzo umene akutulutsabe. Kawerengedwe kofala n'kakuti mumatenga mkodzo wa tsiku lonse, usana ndi usiku, n'kuonjezerapo theka la lita. Ngati amatulutsa 300 ml, ndiye kuti amwe pafupifupi 800 ml. Wopanda mkodzo n'komwe amatsala ndi theka la lita lija, kapena kuposerapo pang'ono ngati achipatala alola. Apezereni botolo lakale azikodzeramo tsiku limodzi lathunthu, muyeze, mukanene kuchipatala. Ndipo mkodzo wotsalawo muusamale ngati chuma. Mankhwala a ululu monga ibuprofen ndi diclofenac, amene timangogula pamsika msana ukawawa, amamaliza kamphamvu kotsala m'impso. Asamwe osafunsa.

Chimene ambiri timaphonya poyamba n'chakuti akati madzi sakunena a m'kapu okha. Tiyi ndi madzi. Phala la m'mawa ndi madzi. Thobwa ndi maheu, msuzi wa nkhuku umene timakonda kumizamo nsima, mafirizi a ana, madzi omezera mapiritsi, zonsezo zimalowa m'kaundula. Chivwende ndiye usanene, pa magawo 100 oposa 90 ndi madzi okhaokha. Ine ndimachita chonchi. M'mawa ndimathira mlingo wanga wa tsiku lonse m'botolo limodzi. Ndikamwa tiyi, ndimatunga kapu yofanana m'botolomo n'kukathira pa mtengo wa mandimu pakhomo. Ndikadya phala, chimodzimodzi. Zotsala m'botolo ndizo zanga, ndipo ndimaziona ndi maso kuti zindifikitsa pati. Botolo lotere muwapatse bambo alisunge okha. Akhale mwini wake, inu musakhale apolisi. Ndimayesetsa kusiya kotala ya botolo kuti ifike usiku, chifukwa ludzu la pakati pa usiku ndi limene limagwetsa anthu.

Woweruza weniweni ndi sikelo. Kuchipatala anesi amatchula peso seco, kutanthauza kulemera kwa munthu madzi opitirira atachotsedwa. Kilo iliyonse imene bambo aonjezera kuchoka tsiku lotsukidwa kufika lotsatira ndi lita imodzi ya madzi, si kunenepa ayi. Kawirikawiri amafuna kuti isapitirire magawo 4 pa 100 a kulemera kwawo, ndiye munthu wa makilo 60 asafike patali kuposa makilo awiri ndi theka. Amene amalowa katatu pa sabata, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, mpata woopsa ndi wa Lachisanu kufika Lolemba. Amene amalowa kawiri ndiye mipata yonse ndi yaitali, afunika kusamala koposa. Ngati mungakwanitse, gulani sikelo ya m'nyumba, azikwera m'mawa uliwonse asanadye, ndi zovala zofanana, muzilemba mu kope.

Ndikuuzeni zimene zinandiphunzitsa ine. Chaka choyamba kunagwa maliro a malume kwathu ku Ulongwe, ndinapita Loweruka. Ku Angónia n'kozizira, ndiye ndinadzinamiza kuti ludzu silindivuta. Koma mukudziwa za pamaliro. Ndiwo zophikidwa mumigolo, mchere wothira ndi dzanja, thobwa likuyenda m'zidebe, ndipo azakhali akakupatsa chikho n'kukana amati wayamba kunyada chifukwa ukukhala kutauni. Ndinalandira chikho choyamba, chachiwiri, mawa lake chimodzimodzi. Lamulungu usiku nsapato zinakana kulowa. Nditagona chagada ndinamva ngati wina wandikhalira pachifuwa, mpweya osakwana, ndinachezera nditakhala pampando nditatsamira khoma, ndikumva kuchifuwa kukulira ngati mphika wa phala. Lolemba sikelo inaonetsa makilo 5 oonjezera. Makina amakhala ndi maola anayi okha, ndiye kuti achotse madzi onsewo amakoka mwamphamvu. Ola lachitatu miyendo inakokana, nyama ya katumba inalimba ngati mwala, thukuta lozizira, maso kuchita mdima, magazi atatsika. Anesi anachita kuchepetsa liwiro, ndipo ndinatuluka ndi madzi ena otsala oti akachotsedwe ulendo wotsatira. Anandiuzanso kuti mtima ukamanyamula katundu wotere sabata ndi sabata umakula n'kufooka, ndipo umenewo subwerera msanga. Kuyambira pamenepo, pamaliro kapena paukwati ndimanyamula kabotolo kanga, ndipo mayi ndi amene amandiyankhira kwa azakhali kuti adokotala analetsa. Akanena mkazi, anthu amamva msanga kusiyana ndi ukanena wekha.

Tsono zothandiza pakamwa pakauma. Chachikulu kwa ine ndi ayezi. Timatenga madzi a m'botolo lomwe lija, kufinyiramo ndimu pang'ono, n'kuumitsa tizidutswa ting'onoting'ono. Kachidutswa kamodzi ndimakamung'unya mphindi zingapo, pamene madzi omwewo ndikanawameza kamodzi n'kuiwala. Muziyeza kuti kamodzi kakasungunuka kamakwana bwanji, chifukwa nakonso kamawerengedwa. Magetsi akathima, kapena ngati furiji mulibe, achukuche mkamwa ndi madzi ozizira a mumtsuko n'kulavula, kangati konse angafune, bola asameze. Kutsuka mano masana kumathandiza modabwitsa. Chingamu chopanda shuga chimabweretsa malovu, kachidutswa ka ndimu pa lilime chimodzimodzi. Milomo azipaka Vaseline, chifukwa nthawi zina chimene timachitcha ludzu ndi milomo yosweka chabe. Kapu yawo ikhale yaing'ono, ndipo azimwa mopsontha atakhala pansi. Mapiritsi amene amamwedwa ndi chakudya azimezera phala kapena nsima, madzi akhale kapsontho kotsirizira.

Kutentha kwa kuno ndi nkhani ina. Okutobala ndi Novembala ku Tete ndi ku Moatize zimapitirira madigiri 40, ndipo nyumba ya malata masana imasanduka uvuni. Thupi muziliziziritsa kunja. Chitenje chonyowa pakhosi ndi pamutu, kusamba kawiri kapena katatu, mphasa pansi pa mtengo kuyambira 11 koloko mpaka dzuwa litapendeka, ntchito ndi maulendo zikhale za m'mamawa. N'zoona kuti thukuta limachotsako madzi, ndipo nyengo ino anesi ena amaonjezerako pang'ono mlingo akaona kuti sikelo ikuyenda bwino. Koma aonjezere ndi iwowo ataona kope lija, osati bambo okha poti atuluka thukuta.

Simunanene ngati bambo ali ndi matenda a shuga. Ngati ali nawo, yezani, chifukwa shuga akakwera amabweretsa ludzu lake lapadera, ndipo ngakhale muchotse mchere wonse silitha mpaka shugayo atsike. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo zimangoonjezera ludzu, ndipo zakuda zija zili ndi fosifeti, mchere winanso amene makina amavutika kuchotsa.

Ndaona m'mayankho ena pamwambapa wina wati azimwa madzi a malambe, wina wati pali mankhwala azitsamba otsuka impso, kumwa makapu atatu patsiku. Abale, ndikudziwa mukunena mwachikondi, koma izi zingapweteke munthu. Malambe ali ndi potaziyamu wambiri, monganso nthochi, mapeyala ndi madzi a kokonati. Za zitsambazo, kuonjezera pa madzi ochulukawo, palibe amene akudziwa zimene zili mkati, ndipo impso zoti zizisefe palibe. Ngakhale madzi a mchere ndi shuga a m'timapaketi amene timapatsa wotsegula m'mimba, bambo asamwe musanafunse, chifukwa muli sodiyamu ndi potaziyamu. Akatsegula m'mimba kapena kusanza, imbani kuchipatala tsiku lomwelo akuuzeni chochita.

Ndipo mukaona akulephera kugona chagada, akupuma mobanika, nkhope yatupa m'mawa, akutsokomola thovu, kapena miyendo yangofooka mwadzidzidzi ndi mtima ukugunda mosalongosoka, musadikire tsiku lawo la makina. Pezani galimoto nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Ulendo wotsatira mupite nawo limodzi, kope lili m'manja. Mukafunse peso seco yawo, mlingo wa madzi mu ma ml osati mongoti botolo limodzi, poti mabotolo ndi osiyana, komanso makilo amene akumabwera nawo. Mukabwerako mudzatiuze muno. Bambo muwapatse moni, muwauze kuti mnzawo wa beseni losamba m'manja uja wati ayambe ndi kusiya caldo sabata ino.