Funsani Amisiri: Mapeva, Makatapila ndi za Pakhomo

Makalata a mwezi uno achokera ku Dedza ndi ku Ntcheu. Owayankha ndi amisiri a zomangamanga ndi oyendetsa makina amene amathandiza tsamba lino.

Funso: Ndili ndi sitolo pa Lizulu. Chaka chatha ndinayalitsa mapeva, tinjerwa ta simenti toyala pansi, pabwalo pomwe malole amaima popakira mbatatesi ndi kabichi. Mvula itagwa miyezi iwiri yokha, mapeva anatitimira modutsa matayala, madzi akudikha pakhomo penipeni, ndipo a m'mphepete akutayana. Mmisiri akuti ndinagula mapeva achabechabe. Kodi ndigule ena? Mayi wa pa Lizulu.

Yankho: Mayi, musagule kaye. Zulani mapeva 10 pamalo otitimirawo, muwayang'ane bwino. Ngati ali athunthu, osasweka, osanyenyeka m'makona, ndiye kuti mlandu uli pansi pake. Kumbani pomwepo ndi piki. Kawirikawiri mupeza mchenga wambiri, mwina masentimita 8 kapena 10, atangouthira pa dothi lomwe linalipo kale. Amisiri ena amadulira njira imeneyi podziwa kuti mwini ntchito amangoona za pamwamba.

Dothi lachonde lonse liyenera kuchoka, chifukwa lili ndi mizu ndi zowola, ndipo likanyowa limafewa. Polowa malole kumbani masentimita oposa pang'ono 30: masentimita 20 a maziko, 3 a mchenga, 8 a peva. Poyenda anthu ndi njinga pokha, maziko a masentimita 10 ndi peva ya masentimita 6 zikwana. Ngati mapeva anu ndi a 6, amenewo sanapangidwire lole yodzaza mbatatesi. Asamutsireni pakhonde ndi m'tinjira, ndipo mugule a 8 a pomwe pamaima galimoto pokha. Pomwe panali chulu, nkhuti kapena chimbudzi chakale, fukulani mpaka mupeze dothi lolimba, kenako mukwirire pang'onopang'ono mukutsendera.

Maziko akhale a gelevulo wofiira ngati amene amathira m'misewu, kapena miyala ya kwale yosakanikirana ndi fumbi lake. Miyala yofanana kukula yokhayokha simagwirana, imangoseweraseweranso pansi pa tayala. Musathire masentimita 20 onse kamodzi. Kompakita yaing'ono ya mbale, makina otsendera dothi, mphamvu yake simafika pansi, choncho thirani 10, mutsendere maulendo 4 mpaka 6, kenako muthire 10 enawo. Chinyezi chimayesedwa ndi dzanja: tapani gelevulo mumufumbate. Akagwirana osatulutsa madzi, wakwana. Akamwazika, wazani madzi. Akamata m'zala, mudikire aumeko. Chipika chotsendera ndi manja chimathandiza pa kanjira ka kuseri kwa nyumba, koma pa bwalo la malole bwerekani kompakita ngakhale ya masiku awiri.

Za madzi odikha pakhomo, bwalo lanu lilibe kotsetserekera, kapena likutsetserekera ku nyumba. Pa mita iliyonse pansi patsike masentimita 2 kuchoka pakhoma kulowera ku ngalande. Bwalo la mamita 10 ndiye kuti mapeto ake atsike masentimita 20. Khomani zikhomo, mukoke chingwe, muyeze ndi levulo. Kutsetsereka kumeneku mukupange pa maziko. Amene amakonza ndi mchenga, kwina wochuluka kwina wochepa, amabweretsa mabampu pakatha chaka. Pamwamba pa mapeva pakhalenso masentimita 15 kutsika kuchokera pa simenti ya m'nyumba, kuti madzi odontha padenga asamanyowetse khoma.

Mapeva akutayana chifukwa alibe chowatsekera. Makebu, miyala ya simenti yotsekera m'mphepete, amayamba kuikidwa mapeva asanayalidwe, atakhala pa konkire ya masentimita 10, ndipo kumbuyo kwake amatsamiritsako konkire ina mpaka theka la msinkhu wake. Muyeso wa ndowa 1 ya simenti, 3 za mchenga ndi 6 za kwale ukwana.

Mchenga woyalapo ukhale wa kumtsinje, wokhakhala, wosefa. Wa kudambo uli ndi dothi, umasunga madzi. Gonekani mapaipi awiri pansi, muthire mchenga pakati, mukokepo thabwa lowongoka, ndipo wina asapondeponso. Poyala, musandandalike mizere yolunjika komwe galimoto ikulowera, chifukwa mabuleki amaikankha. Yalani mopingasa, mutu wa peva iliyonse utsamire nthiti ya inzake monga umo limalukidwira lichero. Siyani mpata wa mamilimita 2 mpaka 5, mudutsitse kompakita, musesere mchenga wosalala wouma m'mipatamo, mudutsitsenso. Pakatha sabata ziwiri onjezani mchenga wina. Mchenga wa m'mipatawu ndi umene umamanga mapeva kukhala chinthu chimodzi, choncho ana asamausese ndi tsache lolimba.

Ngati bwalo ndi la masikweya mita 50 ndipo mapeva ndi a masentimita 20 kwa 10, pafunika 50 pa sikweya mita iliyonse, onse 2,500, kuphatikizapo ena 125 a zodula ndi zosweka. Maziko otsendereka ndi makyubiki mita 10, koma itanitsani 12 kapena 13 poti gelevulo amatsika akatsenderedwa. Mchenga makyubiki mita 2. Ntchitoyi muigwire mvula ikatha, kuyambira Meyi.

Funso: Ndagula zikombole ndipo ndikufuna kuyamba kuumba mapeva ogulitsa. Anzanga akuti thumba limodzi la simenti limatulutsa 200. Ndi zoona? Mnyamata wa ku Bembeke.

Yankho: Achimwene, 200 atulukadi, koma adzayamba kusanduka fumbi chaka chisanathe, ndipo makasitomala anu onse ndi anthu oti mumakumana nawo pamsika. Pa muyeso wa ndowa 1 ya simenti, 2 za mchenga wa kumtsinje ndi 3 za kwale yaing'ono yosaposa mamilimita 10, thumba la makilogalamu 50 limapereka mapeva a masentimita 20 kwa 10 kwa 6 pafupifupi 100. Werengerani mtengo wanu pa 100 amenewo. Yezani ndi ndowa, osati fosholo, chifukwa fosholo ya m'mawa ndi ya madzulo sizifanana. Madzi akhale ochepa. Phala lamadzimadzi ndi losavuta kuthira koma limauma ndi timabowo m'kati. Ngati mulibe tebulo logwedeza, gogodani chikombole mpaka thovu lileke kutuluka.

Kwanuko kumazizira, makamaka mu Juni ndi Julaye, ndipo simenti imachedwa kugwira kukazizira. Musathamangire kuchotsa m'chikombole m'mamawa, onjezani tsiku. Kuyambira Ogasiti vuto limakhala mphepo ndi dzuwa zomwe zimaumitsa pamwamba m'kati musanakhwime. Ikani mapeva pamthunzi, muwafunditse pulasitiki kapena masaka onyowa, muziwathirira masiku 7 osadumphitsa. Mphamvu yake yeniyeni imakwana pa masiku 28, ndiye asapondedwe ndi galimoto nthawiyo isanafike. Peva yokhwima mukaigundanitsa ndi inzake imalira mokweza, yosakhwima imangoti phu. Simenti isungeni pa mathabwa, kutali ndi khoma, ndipo thumba lomwe lili ndi zibuma zosaphwanyika ndi zala lisalowe mu mapeva.

Funso: M'mipata ya mapeva mukumera udzu ndipo nyerere zikutulutsa mchenga. Ndimate ndi simenti? Bambo wa pa Dedza boma.

Yankho: Ayi bambo. Simenti ya m'mipata imang'aluka mapeva akamasuntha pang'ono, ndipo tsiku lomwe paipi idzaphulike pansi mudzaswa bwalo lonse. Zulani udzu usanabereke njere, muthire mankhwala a nyerere pa una wake, mudzazenso mipata ndi mchenga wouma mpaka pamwamba.

Funso: Ndikufuna kukumbitsa maziko a nyumba, dzenje la sepitiki ndi kadamu ka nsomba. Ena akuti ndibwereke makina okumbira a JCB, ena akuti aganyu. Chotchipa n'chiti, nanga ndisamale chiyani? Bambo wa ku Nsipe.

Yankho: Bambo, maziko okha a nyumba ya zipinda zitatu apatseni aganyu. Makina akachokera kutali mumalipira ulendo wobwera ndi wobwerera, ndipo ndalama imeneyo ikhoza kuposa ya kukumbako. Koma poti pali damu ndi sepitiki, makina ali ndi phindu, makamaka mukagwirizana ndi oyandikana nawo awiri kapena atatu kuti mugawane za ulendo.

Musanapereke kanthu, mulemberane zinthu izi: mtengo wa pa ola, maola ochepetsetsa amene mwini makina amalipiritsa pa tsiku, wogula dizilo, ndi amene aluze ndalama makina akafa pakati pa ntchito. Pa makina pali kawotchi kowerenga maola. Kajambuleni pa foni m'mawa ndi madzulo, woyendetsa ali pomwepo. Dziwaninso kuti kamawerenga injini ikangolira, ngakhale mkono uli chiimire. Choncho zonse zikonzedweretu dzulo lake: malire athiridwe laimu kapena phulusa, kuya kwake kulembedwe pa zikhomo, njira yolowera ilambulidwe, ndipo mudziwiretu kotaya dothi. JCB imamwa dizilo pafupifupi malita 5 mpaka 8 pa ola, kutengera kulimba kwa nthaka.

Woyendetsa akamatha mphindi 20 m'mawa akuyang'ana oyilo, madzi a injini, mapaipi a haidiroliki ndi kupopera girizi m'mapini, musamuthamangitse. Paipi yothifuka imaphulika masana, tsiku n'kupita. Funsani a madzi ndi a ESCOM ngati pamalopo padutsa paipi kapena waya wa pansi, ndipo yang'anani mawaya a m'mwamba, chifukwa mkono wa makina umatalika kuposa momwe umaonekera.

Pa maziko, makina aime patatsala masentimita 10, otsalawo amalize anthu ndi fosholo. Mano a chikapu amatakasa pansi, ndipo akapitirira muyeso musabwezeremo dothi lofewa. Dzazani ndi konkire yochepa simenti. Ngati malo anu ali ndi makande, ngati a ku chigwa cha Bwanje, dothilo limatupa likanyowa ndi kung'aluka likauma, choncho muitane wodziwa adzaone kuya kwa maziko musanathire. Chimene tikuchitsindika kwambiri ndi dzenje la sepitiki. Dzenje likapitirira mita 1.2, makoma ake akhoza kugumukira munthu mosachenjeza. Alambuleni akhale opendekera kapena muwatchinjirize ndi matabwa, dothi lofukulidwa liunjikidwe mita imodzi kuchoka m'mphepete, ndipo munthu asalowemo makina ali pafupi. Ana a m'mudzi adzabwera kudzaonerera, ndiye pakhale wamkulu mmodzi amene ntchito yake ndi kuwaletsa basi. Madzulo dzenjelo litchingidwe.

Funso: Bambo a kunyumba amayala mapeva ndi kukumba ngalande, nthawi zina amachoka sabata zitatu. Akalandira dipoziti timadya bwino, koma pakati pa ntchito amadzatenga ndalama ya feteleza kuti agulire simenti. Dzinja likafika kulibe ntchito, kulibe ndalama. Patchuthi amatenganso mwana wathu wa zaka 12 kukawathandiza. Ndiwalankhule bwanji? Mayi wa ku Tsangano.

Yankho: Mayi, zimenezi zili m'makomo ambiri a amisiri, ndipo gwero lake ndi dipoziti. Ndalama imeneyo ndi ya simenti, mchenga, thipa yonyamula mchengawo ndi aganyu a mwini ntchito. Ikalowa mu ndiwo, ntchito imadzabweza ngongole yake pa feteleza. Khalani pansi nthawi yomwe kulibe mkangano, muwapemphe kuti pakhale manambala awiri, ina ya Mpamba kapena Airtel Money ya ntchito yokha, ina ya pakhomo yomwe mukusunga inu. Pa koteshoni iliyonse alembe malipiro awo a pa tsiku ngati a mmisiri wina aliyense, padera ndi phindu. Malipirowo ndiwo azibwera kunyumba Loweruka lililonse. Ambiri amaiwala kuwerengera mayendedwe, chakudya cha ku ntchito, malo ogona, kubwereka kompakita ndi madzi othirira, ndipo zoiwalikazo ndi zomwe zimadya pakhomo. Mwini ntchito azilipira katatu: ya zipangizo poyamba, ina maziko akatha, yotsala pomaliza. Zowonjezera zimene wapempha ntchito ili m'kati zilembedwe ndi mtengo wake tsiku lomwelo, ngakhale pa uthenga wa pafoni.

Ntchito ya pansi imayenda kuyambira Meyi mpaka Novembala, koma pakhomo pamadyedwa miyezi 12. Phindu la ntchito iliyonse ligawidwe pomwepo, gawo lina lipite kwa feteleza ndi mbewu mitengo isanakwere, lina ku fizi ya Sepitembala ndi Januwale, lina ku banki m'khonde. Ntchito yaikulu asailandire kumapeto kwa Okutobala, chifukwa idzakumana ndi mvula komanso kubzala, ndipo zonse ziwiri zidzaonongeka. M'dzinja angathe kuumba makebu ndi mapeva pansi pa shedi, kukonza ngalande zotsekeka ndi kukonza zida. Achibale akalembedwa ganyu, kaya ndi mlamu kaya mphwawo, mtengo wa pa tsiku unenedwe asanagwire fosholo.

Za mwanayo musanyengerere. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14, ndipo ngakhale wopitirira pamenepo saloledwa ntchito yoika moyo wake pachiswe. Simenti yonyowa imawotcha khungu pang'onopang'ono, munthu osamva mpaka bala litatuluka. Fumbi lotuluka podula mapeva ndi galainda limakhazikika m'mapapo ndipo silichokamo. Thumba la makilogalamu 50 si la msana wa mwana. Ngati bambo ake akufuna aphunzire ntchito, amuphunzitse pakhomo kuwerenga tepi, kupeza masikweya mita ndi kulemba m'kaundula ndalama zolowa ndi zotuluka. Iwonso eni ake azidula mapeva akuthira madzi pa mpeni, avale chotchinga mphuno, magalasi, magolovesi ndi majombo. Zovala za ku ntchito azivulira panja, ndipo muzizichapa pazokha, osaziphatikiza ndi za ana.