Subwoofer ikulira kuti mmmm: yafa kapena?

Owerenga ena andilembera imelo sabata ino. Agula subwoofer (sipika ya mawu otsika, a bass) yokhala ndi ampu yakeyake, aiphatikiza ku resiva (bokosi logawa mawu ku masipika) pamodzi ndi TV ndi dekoda ya dishi. Akuti: "Ndikangoiyatsa imayamba kulira kuti mmmm osaleka, ngakhale palibe chimene ndikuonera. Kodi andigulitsa yakufa?"

Achimwene, ndikukayika. Zimene mukumvazo ndi magetsi a m'nyumba mwanu momwemo. Magetsi a pa soketi amasinthasintha mbali maulendo 50 pa sekondi, ku America maulendo 60, ndipo mawu otsika chonchi ndi amene subwoofer inapangidwira. Akangopeza polowera, iyo imawakuza ngati nyimbo.

Musanagule kalikonse, izimitseni, zulani chingwe cha RCA (chobweretsa mawu kuchokera ku resiva) kumbuyo kwake, musiye cha magetsi chokha, n'kuiyatsanso. Ikakhala chete, ilibe mlandu. Phokosolo likuchita kubwera ndi chingwe.

Apa kawirikawiri vuto limakhala limene amisiri amalitcha ground loop. Subwoofer ili ndi njira yake yopita ku earth (waya wotayira magetsi pansi), resiva kapena dekoda ili ndi ina, ndiye chingwe cha RCA chazimangirira pamodzi. Njira ziwirizo zikasiyana mphamvu ngakhale pang'onong'ono, kamagetsi kamayamba kuyenda m'chingwemo. Ampu siidziwa kusiyanitsa kamagetsi kameneka ndi mawu a filimu.

Ine ndikanakhala m'nyumba mwanumo, ndikanayamba kukayikira chingwe chochokera pa dishi. Chimachokera panja, nthawi zambiri earth yake ndi ina, ndipo phokosolo limatha kudutsa mu dekoda, kulowa m'chingwe cha HDMI, kufika mu resiva mpaka ku subwoofer. Bwezerani RCA ija, zimitsani dekoda, masulani chingwe cha dishicho, mumvetsere. Likapitirira, zulani zotsalazo chimodzichimodzi mpaka litasiya. Chimodzichimodzi ndithu. Mukazula zonse pakamodzi lidzasiya, koma simudzadziwa chinalakwa n'chiti.

Mankhwala oyamba ndi aulere: TV, dekoda, resiva ndi subwoofer zonse zidye pa extension imodzi, pa soketi imodzi. Zikakanika, pali kachipangizo kotchedwa ground loop isolator. Koma samalani pogula. Kamene amaika pa chingwe cha eriyo kamatsekereza magetsi a DC (osasinthasintha mbali), pomwe dekoda imatumiza mavoti 13 kapena 18 kudzera m'chingwe chomwecho kukadyetsa LNB, kachipangizo kolandira siginolo kutsogolo kwa dishi. Mukakaika pamenepo matchanelo asowa. Inu mukufunika koika pa RCA, ngakhale kuti totchipa kwambiri timadyako bass yapansi, yomwe ndi imene munaigulira subwoofer.

Pali malangizo ena amene ndimadana nawo kwabasi, akuti thyolani dzino la earth pa pulagi. Phokoso limathadi, sindikana. Koma dzino limenelo ndi lomwe limatengera magetsi pansi waya akakhudza chitsulo m'kati. Likachoka, njira yotsala ndi dzanja la munthu amene wagwira chitsulocho. Musayerekeze.

Onaninso tinthu ting'onoting'ono. Chingwe cha RCA chisagone limodzi ndi cha magetsi. Ngati n'kosatheka kuzipatula, zipingasane. Yesani chingwe china. Ndipo ngati gain (chopotokola chokwezera mawu) kumbuyo kwa subwoofer munaipotokola mpaka kumapeto, ibwezeni chapakati, mukweze mawu ake kuchokera pa resiva.

Nanga ikaliranso RCA itazulidwa? Pamenepo vuto lili m'kati. Ikani khutu pa sipika penipeni, kenako kumbuyo pa chitsulo. Likamamveka kuchitsulo kokha, ndi thiransifoma ikunjenjemera. Likamatuluka pa sipika, komanso lokwererako ngati 100 Hz (maulendo 100 pa sekondi m'malo mwa 50 aja), kawirikawiri ndi ma capacitor osefa magetsi amene afooka. Mmisiri amawasintha mosavuta, koma inu musatsekule, chifukwa amasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa. Poti yanuyo ndi yatsopano, ikakhala choncho itengeni ndi lisiti lake mubwerere nayo komwe munagula.