Tifunseni: Nyumba ya ku Senga Bay ndigule, kapena ndiope chivomerezi?

FUNSO: Ndinapuma pa ntchito yauphunzitsi chaka chatha, ndipo ndalama zanga za penshoni ndikufuna kugulira nyumba ku Senga Bay. Ndapeza ya zipinda zitatu, yopentedwa kumene, pafupi ndi nyanja. Koma alamu anga akuti Salima ndi dera la zivomerezi, nditaya ndalama m'madzi. Kodi ndisiye?
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Mayi, alamu anuwo sakunama. Usiku wa pa 10 Malichi 1989 ine ndinali ku Salima komweko, ndili kamnyamata kophunzira kumanga, ndipo malata analira ngati padenga pakudutsa sitima. Chivomerezicho mphamvu yake inaposa 6, chinapha anthu 9, ndipo pafupifupi 50,000 anasowa pogona. Dziko lathu lili m'chigwa cha Rift Valley, ndipo nyanja mukuikondayo inakhalapo chifukwa nthaka ikung'ambika pang'onopang'ono. Kum'mwera kwa Salima kwadutsa mng'alu wapansi wa Bilila-Mtakataka, wotalika makilomita oposa 100.

Komano mukathawa Salima mulowera kuti? Cha 1989 chija chinawononga nyumba mpaka ku Dedza ndi Mchinji, ndipo mu Disembala 2009 inali Karonga. Kutacha tsiku lija ndinaona nyumba ziwiri zoyandikana, ina ili gwa, ina khoma lili pansi. Chivomerezi chinali chimodzi, amisiri ndiwo anali awiri.

Choncho bwererani ku nyumbayo, koma ulendo uno musatengeke ndi mphepo ya kunyanja. Mawu anu akuti "yopentedwa kumene" ndi amene andidetsa nkhawa. Penti ndi pulasitala watsopano zimabisa zambiri. Tengani msomali wa mainchesi sikisi, mupeze pamene njerwa zikuonekera, mwina kuseri kapena m'mwamba mkati mwa siling'i, mukande pakati pa njerwa ziwiri. Pakayoyoka dothi, dziwani kuti anamangira matope, simenti anangopaka kunja kuti ikope maso. Gogodani khoma ndi chala. Pamene pakumveka phwaphwa anamata mng'alu. Ming'alu yopyapyala ngati tsitsi isakuopseni, imeneyo ndi ya pulasitala chabe. Yoopsa ndi yoyenda chopingasa kuchokera pa ngodya ya zenera kapena chitseko, makamaka ngati chitsekocho chimavuta kutseka.

Kenako funsani za ring beam, lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira nyumba yonse pamwamba pa mazenera. Ndiye amagwira makoma kuti asatayane nthaka ikagwedezeka. Ambiri pofuna kupulumutsa matumba angapo a simenti amangoika lintala pa khomo ndi pa zenera basi. Onaninso gebulo, khoma losongoka lija la pansi pa denga. Likakhala la njerwa imodzi ndiponso lopanda chogwirizira, ndilo limayamba kugwa, ndipo kawirikawiri pansi pake mpamene pamakhala bedi.

Nthaka nayo ili ndi mlandu wake. Mchenga wa m'mphepete mwa nyanja, madzi ali pafupi, umafewa ngati phala ukagwedezeka. Ku Karonga mu 2009 malo ena mchenga ndi madzi zinkatumphuka m'ming'alu ya nthaka. Funsani oyandikana nawo kuti chitsime chawo anapeza madzi atakumba mamita angati, komanso kuti nyanja itasefukira mu 2024 madzi analekeza pati. Mayi wogulitsa usipa pamsewu adzakuuzani zoona kuposa dobadoba amene akudikira yake.

Ngati nyumbayo mudzaiika pa inshulansi, werengani pepala lonse ndipo a inshulansiwo akuonetseni pamene palembedwa chivomerezi. Zofuna kudziwa za ming'alu yapansi, nthambi ya boma ya Geological Survey ili ku Zomba.

Popita tengani mmisiri wanuwanu, osati amene wogulitsa akulozereni. Mulipireni tsiku limodzi, akumbe pambali pa maziko aone kuya kwake ndi chimene anamangira. Mwini nyumba akayamba zakuti mukumuwonongera kapinga, mutsanzikeni bwinobwino, Mayi, mukakwere minibasi ndalama zanu zili m'chikwama.